Kulumikiza Bolodi ya Arduino ku Kompyuta ya Ubuntu

Ambiri mwa Amalawi amene tikuphunzira zamagetsi kuno ku Johannesburg timagula bolodi yotchipa ya Arduino kapena ESP32 (kabolodi kamagetsi kokhala ndi tchipi imene mumailembera pulogalamu) m'mashopu a m'tauni, koma tikailumikiza ku kompyuta ya Ubuntu (mtundu wina wa Linux), pulogalamu ya Arduino IDE, imene timalemberamo mapulogalamu n'kuwatumiza ku bolodi, siiona. Musafulumire kubweza bolodiyo kushopu, chifukwa kawirikawiri imakhala ilibe vuto.

Yambani ndi chingwe, makamaka ngati ndi cha micro-USB. Ine ndinataya usiku wonse ndi chingwe chimene ndinagula pafupi ndi renki ya matekisi: kagetsi kofiira ka pa bolodi kankayaka bwinobwino, koma chingwecho chinali chotchajira foni basi, chopanda mawaya odutsitsa deta.

Chingwe chikakhala chabwino, tsegulani Terminal, windo lolembamo malamulo, n'kulemba lsusb kuti muone mndandanda wa zipangizo zolumikizidwa pa USB ndi manambala ake. Arduino Uno yeniyeni imaoneka ndi nambala yoyamba ndi 2341, pomwe mabolodi ambiri otchipa ali ndi tchipi ya CH340, imene nambala yake ndi 1a86:7523. Kenaka lembani sudo dmesg | tail kuti muone dzina limene Linux yapatsa bolodiyo. Uno yeniyeni imakhala /dev/ttyACM0, ndipo ya CH340 imakhala /dev/ttyUSB0.

Ngati dzinalo lilipo koma IDE ikunena kuti Permission denied, ndiye kuti akaunti yanu siili m'gulu la dialout, limene pa Ubuntu ndi Debian ndilo limaloledwa kugwiritsa ntchito zipangizo zoterezi. Lembani sudo usermod -aG dialout $USER, kenaka tulukani mu akaunti yanu n'kulowanso, chifukwa kusinthako sikuyamba kugwira ntchito musanatero. Ena amalangiza chmod 777, lamulo lopatsa aliyense chilolezo chogwiritsa ntchito chipangizocho, koma ine sindivomereza, popeza chilolezocho chimatha mukangozula chingwe.

Vuto limene limasokoneza anthu kwambiri lili pa Ubuntu 22.04, pomwe /dev/ttyUSB0 imaoneka kamphindi n'kusowanso. Chimachititsa zimenezi ndi brltty, pulogalamu yothandiza anthu osaona kuwerenga za pa kompyuta m'zilembo za Braille, imene imalanda CH340 chifukwa nambala yake ikufanana ndi ya chipangizo china cha Braille. Ngati palibe amene amaidalira, ichotseni polemba sudo apt remove brltty. Koma ngati kompyutayo mumabwerekana ndi m'bale wosaona, monga momwe timabwerekanirana zinthu kuno ku Joni, chonde musaichotse. M'malo mwake tsegulani /usr/lib/udev/rules.d/85-brltty.rules, ikani chizindikiro cha # kumayambiriro kwa mzere umene uli ndi 1a86/7523, n'kuzimitsa kompyuta n'kuiyatsanso.

Tsopano sankhani bolodi ndi poti (dzina lija, monga /dev/ttyUSB0) mu IDE, n'kutsegula chitsanzo cha Blink, kapulogalamu koyatsa ndi kuzimitsa kagetsi ka pa bolodi. Mabolodi ambiri a Uno amabwera Blink ilimo kale, choncho musanaitumize, sinthani 1000 wa mu delay akhale 200. Kagetsi ka L, ka pa pini 13, kakayamba kuphethira mofulumira, ndiye kuti pulogalamu yanu yalowa.