Kusankha chipolopolo chimene sichigubuduzika pa mtunda wautali

Aliyense amene anasewerapo nguli amadziwa kuti imaima chilili pokhapokha ikamazungulira mwamphamvu, ndipo ikayamba kufooka imadzandira kenako n'kugwa. Chipolopolo cha mfuti nachonso chimayenda chimodzimodzi. M'kati mwa mpope wa mfuti muli mizere yopotana imene imachizungulitsa pamene chikutuluka, ndipo kuzungulirako n'kumene kumachititsa kuti nsonga yake ikhale kutsogolo mpaka chikafike pa chandamale.

Choyamba, dziwani kapotedwe ka mizere ya mfuti yanu. Opanga mfuti amalemba manambala monga 1:12, kutanthauza kuti chipolopolo chimazungulira kamodzi chikayenda mainchi 12 mumpopemo. Ngati sanalembe, onetsetsani kuti mumfuti mulibe chipolopolo, kulungani kansalu kothina pa ndodo yotsukira mpope, ikani chizindikiro pa ndodoyo, ndipo muikankhe pang'onopang'ono mpaka itazungulira kamodzi. Mtunda umene yalowa, m'mainchi, ndiwo nambala mukufunayo.

Kenako yezani kutalika kwa chipolopolo, pakuti apa m'pamene ambiri amasokonekera poganiza kuti nkhani ndi kulemera kokha. Chipolopolo chachitali chimafuna kuzungulira mofulumira kuposa chachifupi, ndipo n'chifukwa chake cha kopa yekhayekha, chimene chimakhala chachitali kuposa cha mtovu cholemera mofanana, chimavuta m'mifuti ina. Mu 1879 katswiri wa masamu wa ku Britain, Alfred George Greenhill, anapeza njira yowerengera kapotedwe kamene chipolopolo chimafuna, imene ikuthandizabe mpaka lero: chulukitsani kunenepa kwa chipolopolo ndi nambala yomweyo, chulukitsaninso ndi 150, kenako gawani ndi kutalika kwake, zonse m'mainchi. Chipolopolo chonenepa mainchi 0.308 ndi chotalika mainchi 1.2 chimapereka pafupifupi 12, choncho mpope wa 1:12 ungachikwanitse, ngakhale kuti ine ndingasankhe wa 1:10, umene umachizungulitsa mofulumirirapo, kuti pakhale mpata. Asilikali a ku America anaphunzira zimenezi pa mfuti ya M16, imene mizere yake anaisintha kuchoka pa 1:14 kufika pa 1:12 ataona kuti zipolopolo sizikhazikika m'malo ozizira kwambiri, pomwe mpweya umakhala wolemera, ndipo pambuyo pake anafika pa 1:7 atayamba kugwiritsa ntchito zipolopolo zazitali.

Masamu akatha, pitani ku bwalo lovomerezeka lowomberako, muike pepala pa mamita 100 ndi kuwombera kasanu. Mabowo ozungulira bwino akusonyeza kuti zinthu zili m'malo mwake, koma bowo lotalika ngati la kiyi pa chitseko likusonyeza kuti chipolopolo chafika chopingasa, ndipo kusintha galasi loonera sikungakonze vuto limenelo.

Vuto lina limabisala patali. Liwiro la chipolopolo likatsika n'kuyandikira liwiro la phokoso, lomwe ndi pafupifupi mamita 340 pa sekondi, zipolopolo zina zimayamba kudzandira ngakhale zinali zokhazikika poyamba. Pa mfuti ya .308 Winchester, opikisana pa mayadi 1,000 amakonda chipolopolo cholemera magireni 175 (gireni ndi muyeso wa kulemera kwa zipolopolo) m'malo mwa cha 168, chifukwa chimasunga liwiro kwa nthawi yaitali. Kumbukiraninso kuti mpope wopotera kumanja umachititsa chipolopolo kupatukira pang'ono kumanja pa mtunda wotere, choncho lembani m'kabuku kupatukako padera ndi kumene mphepo ya tsikulo yabweretsa.