Kompyuta ikuchedwa kuyaka? Onani kaye mapulogalamu omwe amadzuka nayo limodzi

Ambiri akaona laputopu ikutenga nthawi kuyaka amangoti yakalamba basi, ena mpaka amayamba kuganiza zogula ina, pomwe nthawi zambiri vuto silikhala ukalamba ayi. Mapulogalamu ambiri tikamawaika amadzilembetsa okha kuti aziyamba kompyuta ikangoyaka, inu osawaitana. Spotify, Teams, Steam, OneDrive, kaja ka printa, onsewo amalimbirana RAM (memori yomwe kompyuta imagwirira ntchito) ndi disiki nthawi imodzi ngati anthu opanikizana pakhomo limodzi, inu n'kumangoyang'ana sikirini kudikira, kwinaku ena akudya data mwakachetechete.

Ndiye tiyeni tiwaone. Pa Windows 10 kapena 11 dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, Task Manager itseguka. Ikabwera kaching'ono dinani More details pansipo. Kenako pitani polembedwa Startup, pa Windows 11 analemba Startup apps. Muona mndandanda wa zonse zomwe zimayamba zokha, ndipo chakumanja pali mzere wa Startup impact. Mzere umenewu ndi wofunika kwambiri. Pomwe palembedwa High ndiye kuti pulogalamuyo imadya nthawi yoposa sekondi imodzi ya CPU (ubongo wa kompyuta) kapena kuposa 3 MB pa disiki poyamba, awa ndi omwe muyambe nawo. Dinani pa dzina la pulogalamuyo ndi batani lakumanja la mausi, sankhani Disable, mwatha.

Musaope, Disable sikufufuta. Pulogalamuyo ikhalamobe, mukaifuna muitsegula nokha monga mwa masiku onse, kungoti yasiya kudzuka yokha.

Pomwe ndikupemphani kusamala ndi pa zomwe simukuzidziwa. Antivayirasi musiyeni, Windows Security nayo isiyeni, komanso za Realtek (kawirikawiri zimayendetsa mawu a kompyuta) kapena za touchpad, chifukwa mukazimitsa mwachisawawa mudabwa mabatani ena a voliyumu kapena kuseweretsa zala pa touchpad kuja kwasiya kugwira. OneDrive, yosungira mafayilo pa intaneti, ganizani kaye, ngati mafayilo anu amasungika kumeneko ndiye mukaizimitsa sakwera pa intaneti mpaka mutaitsegula. Dzina likakhala lachilendo lidineni ndi batani lakumanja la mausi n'kusankha Search online, kapena Open file location muone komwe chikukhala. Chinthu chopanda dzina la Publisher (kampani yomwe inachipanga), chokhala mufoda ya Temp, dzina lake zilembo zongosakaniza, chimenecho musangochizimitsa, yendetsani sikani yonse ya antivayirasi.

Zimitsani ziwiri zitatu, yambitsaninso kompyuta, muone ngati zonse zili bwino kenako mupitirize. Mukazimitsa zonse kamodzi china n'kusokonekera simudziwa chalakwa ndi chiti.

Pali ena ouma mutu, amabwereranso akangopanga update. Amenewo lowani mu settings ya pulogalamu yomweyo mukachotse chizindikiro pomwe akunena zoyamba ndi Windows. Onaninso foda ya Startup, dinani batani la Windows ndi R, lembani shell:startup, chilichonse chili mmenemo chimayamba chokha ndipo mutha kungochotsa shortcut yakeyo. Omwe akadali pa Windows 7 alembe msconfig pamalo omwewo, poti Startup inalowa mu Task Manager kuyambira pa Windows 8 mu 2012. A Mac apite ku System Settings, General, kenako Login Items.

Kwa odziwako pang'ono kuli Autoruns ya Microsoft Sysinternals, yaulere, imaonetsa ngakhale zobisala mu registry ndi mu Task Scheduler. Koma imeneyo imaonetsanso madiraiva a Windows, choncho mmenemo muzingochotsa chizindikiro pabokosi, osadina Delete.