Mnzanu akagogoda usiku atachitidwa nkhanza, muyambire pati?

Chaka chatha mayi wina wapalendi pomwe ndimakhala ku Chibavi mu Mzuzu anagogoda kwanga cha m'ma 11 usiku, chitenje chong'ambika, silipasi imodzi, mwana kumbuyo, ine kungoima pakhomo osadziwa chochita. Zimene ndinaphunzira usiku umenewo ndi masiku otsatira ndi izi abale anga.

Mulowetseni kaye, tsekani chitseko, mpatseni madzi akumwa. Mafunso aja oti "nanunso munawatani bambo akunyumba" asiyeni, munthu akamva zimenezo amangotseka pakamwa basi. Ingonenani kuti "mayi mwachita bwino kubwera, mugona pompano."

Ngati wagwiriridwa apa ndiye pofunika changu. Mankhwala a PEP oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72 ndipo amamwa masiku 28 osadumphitsa, aliponso mapilitsi oteteza mimba omwenso safuna kuchedwa. Chimene chimandiwawa ine nchoti masiku atatu amenewa ambiri amathera kudikira ankhoswe achoke ku Ekwendeni kapena ku Rumphi, mmene azifika nthawi yatha kale. Ankhoswe adzabwera pambuyo, chipatala kaye. Ndikudziwa munthu amafunitsitsa kusamba koma ngati angathe adikire adokotala amuone, zovala zomwe anavala musachape, zikulungeni papepala osati mujumbo, umenewo ndi umboni. Ngati wasamba kale apitebe, asagwe ulesi.

Pezani kabaza kapena takisi mupite naye ku Mzuzu Central Hospital mukafunse One Stop Centre, ena amati Chikwanekwane, musaiwale buku lake lakuchipatala. Malowa anawakhazikitsa kuti achipatala, apolisi ndi a social welfare azithandizira pamodzi, munthu asamayende ofesi ndi ofesi kubwereza nkhani yowawa yomweyo kwa aliyense. Mumuperekeze, yekha akhoza kubwerera pageti.

Kupolisi funsani Victim Support Unit, ofesi yothandiza ochitidwa nkhanza, musayambe kufotokozera pakauntala anthu ali mbwee. Ndipo dziwani kuti lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limapatsa khoti mphamvu yolamula wankhanzayo kuti asamuyandikire, ngakhale kumutulutsa m'nyumba kumene. Wopanda ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau, ofesi ilipo mom'muno mu Mzuzu.

Ngati kuyenda usikuwo nkosatheka imbani 5600, ikakhala nkhani ya mwana 116, manambala onsewa ndi aulere, simufunika mayunitsi.

Za ana ndinene mosabisa. Mwana wosakwana zaka 18 akagwiriridwa nkhaniyo si yokambirana pachibale, si yothera kwa abulokulida, si yolipitsana mbuzi kapena ndalama, kaya wachitayo ndi amalume kaya ndi amene amagula ufa pakhomopo.

Zilonda zikapola mtima umatsalira, ena tulo osabwera miyezi, ku St John of God, chipatala chothandiza pa mavuto a maganizo mu Mzuzu, kuli aphungu omwe angacheze naye. Komanso mwina adzabwerera kwa mwamunayo, mayi ujanso anabwerera patatha sabata ziwiri ndipo ndinakhumudwa kwambiri, koma sindinamukalipire chifukwa ndikanatero ulendo wina sakanagogodanso. Tinangogwirizana kuti chiphaso chake, lipoti lakuchipatala ndi kandalama ka thiransipoti zizikhala kwanga, ndipo akangondiflasha kawiri usiku ndidzutse aneba tithamangire konko.