Kukonzeratu za maliro ako ukadali moyo si kudziitanira imfa

Ndikudziwa ena mwangoona mutuwu mwayamba kale kuti iii ameneyu akufuna kutilodza. Inenso ndinkatero mpaka pomwe amalume anatisiya ku Lilongwe, kwawo kuli ku Mulanje. Anamwalira Lachiwiri usiku, pofika Lachitatu masana tinali pakhonde anthu asanu ndi kope ndi bolopeni kuwerengetsa, bokosi, galimoto, mafuta, chimanga chopita kuchigayo, ndiwo, nkhuni, koma ndalama imene inalipo siinkafika olo theka. Chowawa n'choti inshulansi ya maliro anali nayo. Pepala lake tinadzalipeza patatha miyezi iwiri tikusanthula musutikesi, ndipo titapita nalo kuofesi anangotiuza kuti inafa kalekale chifukwa anasiya kulipira atapuma ntchito. Ndiye zomwe ndikulembazi ndi zomwe ndinachita ine nditachoka pamenepo.

Musanayambe n'komwe za ndalama, yambani mwanena komwe mukufuna kukaikidwa, chifukwa mtengo wonse wa maliro wagona pamenepo. Anthu timathamangira kuganiza za bokosi koma chimene chimadya ndalama ndi mtunda. Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Mulanje ndi makilomita opitirira 350, ndipo sipamapita galimoto imodzi ayi, pamafunika yonyamula thupi, ina ya abale, amayi a mvano nawonso akufuna aperekeze, ndiye zonsezo zibwererenso. Ngati mulibe nazo ntchito zoikidwa mtauni, kaya ku Area 18 kaya manda ena a khonsolo, nenani poyera, bajeti imatsika kwambiri. Ngati ndi kumudzi basi ndi kumudzi, koma dziwani kuti mwasankha zodula ndipo muzikonzekere.

Nkhaniyi musangouza akazi anu kapena amuna anu kuchipinda. Kwathu kuno mwini maliro si amene unkagona naye nyumba imodzi, ndi eni mbumba, ndipo mawu a mayi wamasiye pa tsiku limenelo sapita patali. Uzani amalume kapena achimwene anu aakulu, mbali zonse ziwiri, kuchimuna ndi kuchikazi, makamaka ngati banja lanu ndi la mitundu iwiri, wina wachikamwini wina wa lobola. Ndinaonapo thupi likugona kumochale masiku anayi anthu akukanganirana manda, bilu ikungokwera. Ndiponso muziwonekera kumudziko, kupereka chipepeso anzanu akaferedwa, kuwalonjera amfumu, chifukwa adzukulu sakumbira mosangalala munthu amene sanamuonepo pa maliro a wina aliyense. Izi palibe kampani ingakugulitseni.

Tsopano ndalama. Njira zake zilipo zingapo ndipo ine ndimaphatikiza.

Yoyamba ndi inshulansi ya maliro. Makampani ngati NICO Life ndi Old Mutual amagulitsa, mabanki ndi ma SACCO ena amakhala nayonso yolumikiza ku akaunti. Koma musanasaine, mfunseni ejenti mafunso mpaka atope nanu. Kodi mukamwalira amapereka kashi kapena amabwera okha ndi bokosi ndi galimoto? Izi n'zosiyana kwambiri. Kumbukirani kuti kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022 kenako 44 peresenti mu November 2023, ndiye ndalama imene inkaoneka yambiri polembetsa itha kudzangokwana bokosi lokha. Yopereka zinthu imakutetezani ku zimenezo, bola alembe papepala kuti bokosi la mtundu wanji, kukonza thupi kuli momwemo kapena ayi, galimoto ikafika mpaka pati. Koma nayonso siigula ufa ndi nyemba, ndiye kashi pang'ono ikufunikabe.

Funsaninso za nthawi yodikira. Ambiri salipira ngati munthu wamwalira ndi matenda miyezi yoyambirira, nthawi zambiri imakhala ngati isanu ndi umodzi, ngozi yokha ndiye amailandira msanga. Ndiye zolembetsa agogo atagonekedwa kale kuchipatala sizithandiza. Funsani malire a zaka kwa makolo, funsani kuti mukadumphitsa miyezi ingati ndiye kuti yafa, funsani kuti mwana wa achemwali amene mukulera angalowe nawo. Maina mulembe momwe alili pa chitupa cha unzika, osati loti Nachisale lomwe timawaitanira pakhomo, chifukwa dzina likasiyana ndi chilembo chimodzi muzayenda mpaka nsapato kutha. Ndipo wina akabwera ndi kampani yomwe simunaimvepo, fufuzani kaye ngati ili ndi chilolezo, amene amayang'anira makampani a inshulansi ndi a Reserve Bank.

Amene muli pantchito pitani kwa a HR mukafunse, malo ambiri amathandiza bokosi ndi thiransipoti wantchito akamwalira. Koma izi zimatha tsiku lomwe mwasiya ntchito, ndi mmene anagwera amalume aja, ndalama inkadulidwa kumalipiro iwo osaimva n'komwe, atapuma palibe anawakumbutsa. Muli konko onaninso fomu ya penshoni yolembapo odzalandira. Ena mpaka lero pakadali dzina la chibwenzi cha kale, ana atatu osalembedwa.

Njira ina ndi yathu yomweyi ya magulu, thumba la chisoni la kubanki mkhonde, la kumpingo kapena kumphakati, gulu la pa WhatsApp la abale loponya kenakake mwezi ndi mwezi pa Mpamba kapena Airtel Money. Ubwino wake ndalama imatuluka tsiku lomwelo popanda mafomu. Kuipa kwake n'koti imakhala pa foni ya munthu mmodzi, ndipo munthu ndi munthu, fizi ya ana ikavuta amabwerekako. Ife tinagwirizana kuti osunga akhale awiri ndipo kumapeto a mwezi aziponya sikirinishoti ya balansi pagulu. Poyamba zinkaoneka ngati kusakhulupirirana koma pano aliyense anazolowera.

Zoguliratu bokosi kwa kalipentala ine ayi. Shopu itha kutsekedwa, mwini wake atha kutsogola iyeyo, ndipo kulisunga pakhomo ana sangagone. Kuli bwino kungodutsa kumene amakhoma mabokosi kamodzi pachaka n'kufunsa mitengo kuti mudziwe ngati zomwe mukusunga zikukwanabe. Kwa abale athu achisilamu nkhani ya bokosi palibe, ndi nsanda, ndipo amaika msanga, ndiye kwa iwo chofunika kwambiri ndi ndalama yopezeka ola lomwelo osati yodikira kuofesi.

A ku Joni inu ndiye nkhaniyi ndi yanu kwambiri. Kutumiza thupi kuchoka ku Johannesburg kapena Cape Town pa msewu, kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka kulowa pa Mwanza kapena Dedza, ndi ndalama yoti banja la kumudzi silingaipeze olo ligulitse munda. Pamafunika kukonza thupi, mapepala a imfa a konko, zilolezo zodutsira m'maboda, ndipo zonse zimayenda bwino ngati womwalirayo ali ndi pasipoti kapena chitupa chosonyeza kuti ndi Mmalawi. Lowani gulu la maliro la anthu akwanu kapena tengani funeral cover, inshulansi ya maliro ya konko, koma mufunse mwachindunji ngati imafikitsa thupi ku Malawi, zina zimathera m'dziko momwemo. Funsaninso ngati adzalipire mapepala anu okhalira atatha, yankho lake alembe. Ndipo ngati mukugwira ntchito ndi dzina lina, pakhale munthu mmodzi wodziwa dzina lanu lenileni ndi nambala ya kumudzi.

Wilo ndi nkhani ina koma imayendera limodzi. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaletsa kulanda katundu wa amasiye, komabe popanda wilo zinthu zimatenga nthawi, kuyendera kwa DC kapena kwa Administrator General, ofesi ya boma yoyang'anira chuma cha masiye. Sizilira loya nthawi zonse, mulembe, musaine pamaso pa mboni ziwiri zomwe sizikulandira nawo kanthu, nazonso zisaine. Kungoti za maliro musazibise mu wilo, chifukwa wilo imatsegulidwa anthu atabwerako kale kumanda.

Za malirozo lembani papepala lapadera, tsamba limodzi basi. Langa lili ndi komwe ndikaikidwe, mpingo wanga ndi nambala ya mkulu wa mpingo, dzina la kampani ndi nambala ya inshulansi, nambala ya msungichuma wa gulu lathu, ndi mzere umodzi woti bokosi likhale wamba ndalama yotsala ipite ku fizi, chiliza chidzamangidwe pomwe zapezeka osati ndi ngongole. Ndinalembaponso kuti asaiwale kutenga kalata ya kuchipatala yotsimikiza imfa, kapena ya amfumu ngati zachitikira pakhomo, chifukwa popanda imeneyo setifiketi ya imfa ya ku NRB siituluka ndipo a inshulansi ndi a penshoni onse adzaifuna.

Pepalalo ndinaliika mu envulopu ya khaki limodzi ndi fotokope ya chitupa ndi malisiti, lili mu diloo ya pansi imene akazi anga amaidziwa, lina ndinajambula n'kutumizira achemwali ku Blantyre. Atalandira anandiimbira nthawi yomweyo mawu akunjenjemera kufunsa ngati adokotala andipeza ndi chinachake, ndinachita kulumbira kuti ndili bwinobwino. Patatha sabata anatumiza uthenga kufunsa kuti inshulansi ija amadula zingati pamwezi, ndipo ngati angathe kulembetsapo amayi.