Momwe mungadziwire ngati chosema cha jade cha ku China n'chakaledi

Yambani ndi mwalawo, za zaka zibwere pambuyo. Dzina loti jade limaimira miyala iwiri. Pali nephrite, amene amisiri a ku China akhala akusema kwa zaka masauzande ambiri, ndipo wotchuka amachokera ku Hotan, m'chigawo cha Xinjiang. Winayo ndi jadeite wa ku Myanmar, yemwe anafala ku China m'zaka za m'ma 1700. Wogulitsa akakuonetsani jadeite n'kumati ndi wa mu ufumu wa Han, womwe unatha m'chaka cha 220, bwezerani ndalama m'thumba.

Kuti mudziwe mtundu wake, pezani sikelo yowerenga mpaka magalamu 0.01, kapu ya madzi ndi ulusi. Yezani chosemacho chili chouma. Kenako ikani kapu ya madzi pasikelo, muibweze pa ziro, mumangirire mwalawo ku ulusi n'kuumiza wonse, osakhudza pansi kapena m'mbali. Gawani nambala yoyamba ndi yachiwiri. Mwala wa magalamu 60 ukaonetsa 20.3 m'madzi, yankho ndi pafupifupi 2.95, ndiye kuti ndi nephrite. Jadeite amafika cha pa 3.3, pamene galasi ndi mwala wa serpentine, zomwe zimaoneka ngati jade, zimathera cha pa 2.5 kapena 2.6. Ambiri amalakwa posiya timathovu ta mpweya m'mabowo a chosemacho, yankho n'kutsika. Zoyesa mwala poukanda ndi mpeni zisiyeni. Zoona, mpeni sulowa pa jade weniweni, koma chosemacho chikakhala cha mwala wofewa ngati wa Shoushan, womwenso uli ndi mtengo wake, mwachiwononga.

Tsopano tengani galasi lokulitsa kakhumi ndi tochi. Akale ankasema pang'onopang'ono ndi mchenga wolimba ndi chida chozungulira choyendetsa ndi phazi, choncho mizere yawo imakhala yakuya pakati, yosongoka kumapeto, pansi pake posalala. Makina amagetsi amathamanga, amasiya m'mphepete mwa mzere mutabenthukabenthuka. Suzumirani m'bowo. Pa zinthu zakale kwambiri ankaboola mbali zonse ziwiri, ndiye bowo limachepa pakati, mwina n'kusiya kampanda pomwe zinakumana. Bowo lowongoka ngati paipi likupatseni chikaiko.

Mtundu wofiirira umene amati ndi wa kukhalitsa m'dothi ndi umene amaunamizira kwambiri. Walitsani tochi kumbuyo: utoto wopaka umaunjikana m'ming'alu ngati timitsempha, ndipo pamene anawotcha ndi asidi pamaoneka poyera mofanana paliponse, ngati pothira ufa. Dzina la mfumu Qianlong lolembedwa pansi lisakutengeni mtima, ndi losavuta kulemba.

Mtengo umatsata mwala, luso la wosema, zaka ndi kusawonongeka. Nephrite woyera wonyezimira ngati mafuta a nkhosa ndiye amafunidwa kwambiri. Pa jadeite funsani ngati ndi A, wosakonzedwa, B wotsukidwa ndi asidi n'kudzazidwa pulasitiki, kapena C wopaka utoto. Satifiketi ya labotale yoyeza miyala yamtengo wapatali ngati GIA ya ku America imakuuzani mtundu wa mwala ndi ngati unakonzedwa, osati zaka zake. Pa zaka funani malisiti akale, zithunzi kapena mabuku a okushoni osonyeza manja amene chinadutsamo. China imaletsa kutulutsa kunja zinthu zakale zopangidwa chisanafike chaka cha 1911, choncho wokuuzani kuti chosema cha ufumu wa Ming, womwe unatha m'chaka cha 1644, changofika kumene kuchokera ku Beijing, mufunseni chinatuluka bwanji.