Ana akamenyana pasukulu, musathamangire chibalo

Ndikafika pasukulu n'kupeza ana awiri akutchetcha udzu kuseri kwa makalasi anzawo ali mkati, ndimadziwiratu kuti amenyana. Koma ndikafunsa chimene chatsitsa dzaye kuti njobvu ithyoke mnyanga, kawirikawiri mphunzitsi amene wapereka chibalocho sadziwa. Sindimuda ayi. Munthu ali ndi kalasi yodzaza mpaka pakhomo, makope oti achonge aunjikana patebulo, ndiye chibalo chimaoneka ngati njira yachidule. Komatu tawaonani anawo mmene akutchetchera: wina uku, wina uko, osayang'anana. Udzu utha, mkwiyo utsala. Poweruka akamalizira nkhaniyo panjira, kumene kulibe mphunzitsi woleretsa, ndipo mawa lake mudzalandira kholo litakwiya, mwana ali ndi chilonda pamutu.

Malangizo awa ndikulembera inu aphunzitsi anzanga, ahedi, a komiti ya sukulu, amayi a mother group ndi makolo a kuno ku Zomba, kuyambira m'tauni ku Chinamwali ndi ku Matawale mpaka ku Jali, ku Mayaka, ku Chingale ndi kugombe la Chilwa. Mfundo yanga ndi imodzi: ndewu ya ana ndi mlandu wofuna kuumva, monga momwe mlandu wa akuluakulu amaumvera pabwalo la mfumu. Ukapanda kumvedwa suola, umangodikira tsiku lina.

Yambani ndi kudziwa pamene ndewu zimabadwira pasukulu panu. Tengani kope limodzi, likhale kuofesi ya ahedi, ndipo kwa sabata ziwiri kapena zitatu muzilembamo mkangano uliwonse: wachitikira pati, nthawi yanji, amalimbirana chiyani. Si kope lolembamo anthu oti alangidwe. Mukadzaliwerenga mudzaona kuti malo ake ndi omwewomwewo: pamzere wa phala, pamjigo nthawi ya buleki, pakhomo la chimbudzi, pabwalo la mpira ndi panjira yopita kunyumba. Chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994 ana anachuluka kuposa madesiki, mabuku ndi zipinda, ndipo ndewu zambiri zimene timati ndi mwano ndi kulimbirana zinthu zochepa basi. Zoterezi zimatha popanda kulalikira. Phala alandire kalasi ndi kalasi, ang'onoang'ono patsogolo, mphunzitsi mmodzi ataima pomwepo. Ngati madesiki sakukwana, pakhale kusinthana kodziwika bwino, sabata ino mzere uwu, sabata yamawa mzere winawo, kuti asamakhale a ana amphamvu okhaokha. Mpira ukhale ndi masiku ake, atsikana nawonso ali ndi tsiku lawo.

Palinso zina za kwathu kuno zimene mlendo sangazione msanga. Teremu yoyamba imatsegulidwa ana ena atangotuluka kumene kusimba, anyamata kujando, atsikana kumsondo. Mwana amabwera akudziona kuti wakula, mwina ali ndi dzina latsopano, ndipo mnzake akamuitana dzina laubwana kapena iye akanyoza amene sanavinidwe, zibakera zayamba kale. Musanyoze mwambo pamaso pa ana, mungokulitsa udani pakati pa sukulu ndi mudzi. Khalani pansi ndi amfumu ndi anankungwi teremu isanayambe, muwapemphe kuti polangiza ana atchulenso kuti munthu wamkulu sanyoza mnzake ndiponso samenya wamng'ono. Mawu amenewo akachokera kwa iwo amalowa kuposa akachokera kwa ife. Chimodzimodzi mwana wa Sitandade 1 amene kunyumba amayankhula Chiyao, akalakwitsa Chichewa kalasi yonse n'kuseka. Mnyamata amene anajomba miyezi ali kunyanja, wabwerera ndi wamkulu kuposa anzake onse m'kalasi. Mtsikana amene wabwerera kusukulu atabereka, monga momwe ndondomeko ya boma yakhala ikulolera kuchokera mu 1993, anzake n'kumamutcha "make mwana". Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023 tinaona ana akubwera opanda yunifolomu ndi makope, ena akusekedwa pa chinthu chimene madzi anatenga. Mwana wosekedwa tsiku ndi tsiku amachita chimodzi mwa ziwiri: amasiya sukulu mwakachetechete, kapena tsiku lina amaponya mwala. Ife timaona mwalawo, kusekako sitinakuone.

Tsono ana amenyana, muchite chiyani?

Aleretseni, muone ngati wina wavulala, kenako muwasiyanitse. Musafunse kanthu nthawi yomweyo. Mwana amene mtima ukugunda, misozi ili m'maso, sangalongosole nkhani. Angotukwana, inu n'kupsa mtima, mlandu n'kukhala wa mwano kwa mphunzitsi. Mmodzi akamwe madzi, wina akhale pamthunzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pakatha mphindi makumi awiri kapena pa buleki, aitaneni pambali, pansi pa mtengo kapena m'chipinda chopanda anthu. Pamaso pa kalasi ayi, chifukwa pagulu palibe mwana amene angavomere kulakwa. Aliyense amateteza ulemu wake.

Funso loti "wayamba ndani?" lisiyeni. Funso limeneli lili ndi yankho limodzi lokha, aliyense amaloza mnzake. M'malo mwake nenani kuti, "Aliyense ayankhula, mnzake ali chete. Iwe yamba, tiuze chimene chachitika." Akamaliza, musathamangire kwa winayo kuti ayankhe. Muuzeni ayambe wabwereza zimene wamva: "Mnzakoyu wati chiyani?" Apa ndiye pagona ntchito yonse, ndipo ndikupemphani kuti musapadumphe ngakhale nthawi ikuchepereni. Mwana akakakamizika kunena ndi pakamwa pake kuti "akuti ndinamuseka chifukwa cha kabudula wong'ambika, anthu onse anamva", nkhope imasintha. Nthawi zambiri ndi koyamba kuti amve nkhaniyo kuchokera mbali inayo. Kenako asinthane, woyambayo nayenso abwereze za mnzake.

Mukatero funsani aliyense chimene chamupweteka kwambiri. Mudzadabwa kuti si chibakera. Ndi dzina limene anatchulidwa, ndi amayi ake amene anatukwanidwa, ndi bolopeni imene bambo ake anagula atagulitsa nkhuni. Pomaliza afunseni iwo eni ake kuti akonza bwanji. Musawasankhire. Wong'amba kope akhoza kukopera mnzake manotsi onse amene atayika; wotaya phala la mnzake agawane naye lake; wotukwana pagulu apepese pamaso pa anthu omwewo amene anamva, chifukwa manyazi anachitikira pomwepo. Chipepeso chikhale chogwirizana ndi cholakwacho ndipo chikhale chimene mwana angathe yekha, osati ndalama zokapempha kwa makolo. Kukumba dzenje la zinyalala sikubwezera mnzake kanthu.

Chinthu chimodzi chimene timakonda ife aphunzitsi ndi kulamula kuti "gwiranani chanza, zatha". Ana amagwirana chanza kuti achoke pamaso pathu. Ngati wina sanakonzeke, muloleni anene kuti sanakonzeke, mugwirizane zoti sakhudzana mpaka mawa, mudzakhalenso pansi. Ndipo ngakhale atagwirizana bwino, patapita masiku atatu muitane aliyense payekha mumufunse ngati zimene analonjezana zachitika. Kufunsanso kumeneku ndi kumene kumasiyanitsa sukulu imene ndewu zikuchepa ndi imene zikungobisika.

Musaiwale osonkhezera. Ambirife tinakula tikuona mmene zimakhalira: anyamata aunjika timilu tiwiri ta mchenga, ati ili ndi bere la amayi a uyu, ilo la amayi a uyo, wolimba mtima afafanize la mnzake. Awiriwo mwina sankafuna n'komwe kumenyana, koma bwalo lazungulira kale, kuthawa ndi manyazi. Lero kusekondale mchenga walowedwa m'malo ndi foni, wina kujambula ndewu n'kuitumiza pa WhatsApp. Wonyamula mawu kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo, wokuwiza ndi wojambula, onsewo aitanidwe pabwalo lomwelo, afotokoze mbali yawo. Kalasi ikadziwa kuti kuonerera nakonso kumafunsidwa, ndewu imasowa oikuwiza.

Ndikudziwa kuti mphunzitsi mmodzi sangamve milandu yonse ya ana ochuluka chotere. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa kuti kuyambira Sitandade 5 kalasi iliyonse isankhe ankhoswe ake, anyamata awiri ndi atsikana awiri. Ana amalimva msanga dzina limeneli chifukwa amadziwa ntchito ya ankhoswe kumudzi: sagamula, salanga, amakhazika anthu pansi. Asankhidwe ndi ana anzawo, ndipo asakhale monitala amene amalemba maina a olongolola, chifukwa ameneyo anzake amamuona ngati wapolisi. Musadabwe akasankha mwana amene sakhoza bwino m'kalasi. Ana amadziwa amene amasunga chinsinsi ndi amene sakondera. Aphunzitseni mafunso omwe aja kudzera m'timasewero pa phunziro la Life Skills, limene lili kale pa ndandanda ya maphunziro yokonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi konkuno. Nkhani ya kuthetsa mikangano ilimo kale m'phunziroli. Chimene chimasowa ndi kuichotsa pabolodi kuti ana aiyesere ndi pakamwa pawo. Ankhoswewa azikumana ndi mphunzitsi mmodzi wowayang'anira kamodzi pa sabata, anene milandu imene yawakanika.

Koma apa ndichenjeze kwambiri, chifukwa njira yabwinoyi ikagwiritsidwa ntchito posayenera imapweteka mwana. Kukhazika pansi ndi kwa ana amene akangana ali ofanana mphamvu. Ngati wamkulu akulanda chakudya cha wamng'ono tsiku lililonse, ngati gulu likuzunza mwana mmodzi, ngati a Fomu 3 akuchapitsa zovala a Fomu 1 kuhositelo ndi kuwadzutsa usiku m'dzina la teasing, umenewo si mkangano, ndi nkhanza. Musamuike wozunzidwayo maso ndi maso ndi omuzunza kuti "agwirizane". Adzavomera chilichonse chifukwa cha mantha. Nkhani yotere ndi ya ahedi, makolo ndi komiti yosungitsa mwambo, ndipo woyamba kutetezedwa ndi wozunzidwayo. Ikakhala nkhani yogwiririra, yogwira mtsikana m'malo osayenera, ya mpeni, yoopseza mwana wachialubino, kapena yokhudza mphunzitsi amene akuzunza mwana, imeneyo siithera pasukulu ngakhale pang'ono, ndipo siithera pa nkhuku ya chipepeso kumudzi. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 lilipo, ndipo kuchokera mu 2017 malamulo aakulu a dziko amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ngakhale atamera ndevu ali Fomu 2. Pitani ku Victim Support Unit kupolisi kapena kuofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Nambala ya foni yaulere yothandizira ana ya 116, imene bungwe loona za achinyamata la YONECO la konkuno ku Zomba limathandiza kuyendetsa, ilembedwe pakhoma pamene mwana aliyense angaione.

Kwa ife aphunzitsi, mawu owawa pang'ono. Sitingaphunzitse ana kukambirana ndodo ili m'manja. Unduna wa zamaphunziro suloleza kukwapula ana, koma ngakhale pakanapanda lamulo, ganizani chimene mwana amaphunzira akamenyedwa chifukwa choti wamenya mnzake: amaphunzira kuti wamkulu ndiye amamenya. Dzina limene mphunzitsi watcha mwana m'kalasi, kaya "mbuli" kaya "agogo" kwa wobwereza kalasi, pofika pa buleki lakhala dzina lake pasukulu yonse. Ndipo tsiku limene mwalakwira mwana, mwamulanga pa chinthu chimene sanachite, mupepeseni pamaso pa anzake. Ulemu wanu suchepa, ndipo ana aona ndi maso mmene kupepesa kumachitikira.

Makolo nanu, pamsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi (PTA) nkhaniyi ikambidwe poyera. Ambiri timauza ana kuti, "Akakumenya bwezera, ukabwera kuno ukulira ndikuwonjezera." Timanena chifukwa chowakonda, sitifuna mwana wathu akhale chopondera cha anzake. Koma mwanayo amafika pasukulu ndi malamulo awiri otsutsana. Muuzeni kumene angapite akalakwiridwa, ndipo inu a sukulu onetsetsani kuti akapitako athandizidwadi, apo ayi kholo lidzabwerera ku malangizo ake akale ndipo lidzakhala ndi chifukwa. Mwana akabwera ndi chilonda, pitani kwa ahedi musanapite kunyumba kwa kholo linzanu. Ndewu zambiri za ana zasanduka udani wa mabanja chifukwa cha ulendo wa madzulo umenewo.

Za chifundo sindinena zambiri, chifukwa sichiphunzitsidwa ndi mawu ochuluka. Patsani mwana aliyense wa Sitandade 7 mwana wa Sitandade 1 wochokera mbali imodzi ya mudzi kuti aziyenda naye, makamaka nthawi ya dzinja mitsinje ngati Likangala ndi Thondwe ikadzaza. Wodwala akajomba, anzake awiri amukopere manotsi. Pa asembule ya Lolemba, pamene timakonda kuitana olakwa kutsogolo, muzitchulanso mwana amene analeretsa ndewu kapena amene anaperekeza mnzake wodwala kunyumba.

Sabata yomaliza ya teremu ikhale ndi maso anu onse. Ana amasungirana mangawa n'kumauzana kuti "ndidzakutsekera", podziwa kuti tsiku lotsekera sukulu kulibe chibalo cha mawa. Lolemba la sabata imeneyo tsegulani kope lija, muitane onse amene milandu yawo sinathe bwino, afunseninso ankhoswe a m'makalasi zimene akumva. Tsiku lotsekeralo tulutsani makalasi mosiyanitsa nthawi, ang'ono poyamba, ndipo pemphani amayi a mother group ndi a komiti kuti aime m'njira zikuluzikulu zimene ana amadzera mpaka gulu litabalalika.