Doketi ya mwana ikafera kupolisi: makomo oti mugogode kuno ku Joni

Mayi ena a kumpingo kwathu, omwe amagwira ntchito ya m'nyumba, anadikira miyezi inayi kuti wapolisi wofufuza mlandu wa mwana wawo awaimbire. Foni sinalire. Tsiku lomwe ndinawaperekeza kusiteshoni tinauzidwa kuti doketi, yomwe ndi fayilo ya mlandu kupolisi, inatsekedwa kale chifukwa wodandaula sakupezeka. Chonsecho mayiwo anangosamuka pa chipinda chomwe ankachita lendi, poti munthu amene anagwiririra mwanayo ankakhala pa yadi yomweyo. Anakhala pa benchi panja, kudziphimba kumaso ndi chitenje, n'kundiuza kuti, "Achimwene, ndingozisiya m'manja mwa Mulungu." Sindinawadzudzule, koma ndinawapempha kuti tisalekere pomwepo. Zimene tinaphunzira pa ulendowo ndi izi.

Choyamba, gulani kope. Inde, kope wamba la ana asukulu. Lembanimo nambala ya mlandu, ija amati CAS, dzina ndi udindo wa wapolisi wofufuza, tsiku lomwe mwana anapimidwa ndi chipatala chake, komanso ngati dokotala anadzaza fomu ya J88, yomwe amalembapo zomwe wapeza pomupima. Mukaimba foni osayankhidwa, lembani tsiku ndi ola. Mukasamuka kapena kusintha nambala, zomwe ife Amalawi timachita kawirikawiri, kasiyeni adiresi yatsopano molemba, ndipo akudindireni sitampa pa pepala lanu. Ku ofesi za boma mawu apakamwa amauluka, pepala lodindidwa ndi lomwe limatsala.

Kenako onetsetsani kuti mwana ali pabwino, madandaulo asanayambe. Ngati zachitika kumene, thamangirani ku Thuthuzela Care Centre, malo othandizira anthu ogwiriridwa, monga ija ya pa chipatala cha Chris Hani Baragwanath ku Soweto, chifukwa mankhwala oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72. A Teddy Bear Foundation ku Parktown amapereka uphungu ndi kukonzekeretsa ana zokaima m'khothi, ndipo Childline imapezeka pa 116 kwaulere. Mwanayo musamamufunse mobwerezabwereza, musamubweretse pamaso pa abale kuti afotokozenso. Dzina lake kapena chithunzi chake zisapite pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp, lamulo limaletsa, ndipo manyazi ake adzawasenza ndi iyeyo.

Tsopano kwerani makwerero, koma molemba. Milandu ya nkhanza kwa ana imayenera kufufuzidwa ndi nthambi ya apolisi yotchedwa FCS, yomwe inakhazikitsidwanso mu 2010. Lemberani mkulu wa nthambiyo, ndipo kalata yomweyo ipitenso kwa mkulu wa siteshoni yomwe munatsegulira mlandu. Musatukwane, musalembe masamba asanu. Ikani nambala ya mlandu pamwamba, fotokozani masiku malinga ndi kope lanu lija, ndipo funsani zinthu zoyankhika: doketi ili kuti lero? Ndi mboni ziti zomwe zinafunsidwa? J88 ilimo? Anatseka mlandu ndani, pa chifukwa chanji? Malizani ndi kupempha kuti doketi itsegulidwenso ndi kupatsidwa wofufuza wina. Akakhala chete, imbani ku ofesi ya madandaulo ya apolisi pa 0800 333 177, ndipo musadule foni asanakupatseni nambala ya dandaulo lanu.

Apa ambiri amasochera pothamangira ku IPID, bungwe lofufuza milandu yopalamulidwa ndi apolisi. Bungweli, malinga ndi lamulo lake la 2011, limafufuza zinthu monga imfa m'manja mwa apolisi, kugwiririra, kumenya, kuzunza ndi ziphuphu zochitidwa ndi apolisi. Ulesi wa wofufuza si ntchito yawo kwenikweni. Koma ngati wapolisi anakupemphani ya "cold drink" kuti doketi iyende, kapena muli ndi umboni woti analandira ndalama kwa woganiziridwayo, pamenepo pitani ku IPID.

Nthawi zina mlandu umafera kukhothi, woimira boma akakana kuuzenga. Muli ndi ufulu wofunsa zifukwa. Lemberani woimira boma wamkulu wa pa khothi lomwelo, ndipo mukapanda kukhutira, kalata ipite ku ofesi ya mkulu wa oimira boma pa milandu, Director of Public Prosecutions, ya kuno ku Johannesburg kuti aunikenso chigamulocho. Wina asakunamizeni kuti nthawi inatha. Mu 2018 khothi lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula, pa mlandu wa Frankel, kuti milandu yonse yokhudza nkhanza zogonana itha kuzengedwa ngakhale patapita zaka zoposa 20.

Si apolisi okha amene amagonera nkhani. Gawo 110 la Children's Act ya 2005 limalamula aphunzitsi, anamwino, madokotala, ogwira ntchito zothandiza anthu ngakhalenso atsogoleri a mipingo kuti akanene akaona zizindikiro zoti mwana akuzunzidwa. Mphunzitsi amene anabisa mutha kumudandaulira ku SACE, bungwe lomwe limalembetsa aphunzitsi. Ndipo gawo 54 la lamulo la milandu yogonana la 2007 limati aliyense wodziwa kuti mwana wagwiriridwa akanene kupolisi, apo ayi atha kukhala kundende mpaka zaka 5. Izi ndikuuza makamaka ife amene timakonda kuitana ankhoswe ndi akuluakulu a mpingo kuti nkhani ithere pabwalo ndi chipepeso cha ndalama. Mlandu wa mwana si wa banja. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Makomo onsewa akakhala otseka, kulinso South African Human Rights Commission, bungwe loona za ufulu wa anthu, ndi Public Protector, ofesi yofufuza madandaulo okhudza boma, ndipo kudandaula kumeneko n'kwaulere. Kusumira boma n'kothekanso. Mu 2022, pa mlandu wa AK v Minister of Police, khothi lalikulu lija linapeza kuti apolisi analakwa pofufuza mosasamala mlandu wa mayi amene anagwiriridwa ku Gqeberha mu 2010. Koma chenjerani ndi nthawi: lamulo la 2002 limafuna kuti mudziwitse boma molemba pasanathe miyezi 6 kuti mukufuna kulisumira. Khothi litha kukhululuka kuchedwa, koma musadalire zimenezo. Onanani msanga ndi maloya a ku Legal Aid South Africa, Wits Law Clinic kapena Centre for Child Law ya ku Pretoria.

Ndikudziwa chomwe chimatimanga miyendo: mapepala. Pasipoti inatha, chilolezo palibe, ndiye ukalowe wekha pa geti la polisi? Gawo 28 la malamulo oyendetsera dziko lino limateteza mwana aliyense, silifunsa kuti anabadwira ku Mangochi kapena ku Hillbrow. Mantha anu ndikuwamvetsa, choncho musapite nokha. Yambani mwalankhula ndi a Lawyers for Human Rights ku Braamfontein, ndipo tengani munthu wodziwa bwino Chingerezi kapena Chizulu kuti akhale mboni ya zomwe mwauzidwa. Mutu umodzi susenza denga.

Mayi aja kalata yawo yoyamba sinayankhidwe. Yachiwiri tinaikapo nambala ya dandaulo, ndipo patatha milungu ingapo wapolisi wina wamkazi anafika pakhomo pawo patsopano ndi doketi m'manja. Mlandu sunathebe. Kope lawo labuluu lafika pakati, ndipo amaliyika m'chikwama limodzi ndi Baibulo.